Mbedza yalowa pachala cha mwana

Achimwene, mwafunsa ngati mungazule nokha mbedza yomwe yabaya mwana wanu pachala mukuwedza ku Nkhata Bay. Musaikoke chobwerera, kamunga kakunsonga kaja kamang'amba mnofu. Ineyo inandibaya ndikukolola mlamba, ndinasolola mwaphuma, chala chinatupa sabata yathunthu, ngakhale nsima sindinkatema.

Kwa wamkulu, nsonga ikatulukira mbali inayo timadula kamungako ndi pulayazi kenako n'kusolola. Koma poti ndi mwana, dulani chingwe chokha, tsukani ndi sopo, mumange kansalu koyera mbedza isagwedezeke, mupite naye ku Mzuzu Central Hospital. Mukafunsenso za katemera wa kafumbata. Phulusa pabala ayi chonde.

Mlambawo muziugwira ndi chiguduli, kuseri kwa minga yam'mbali ija, imabaya zowawa kuposa mbedza.