Mbuzi ikadya osadwala, sikuti hatchi nayonso ipulumuka

Mayi wina wa ku Chigumula wandilembera imelo. Akuti asamukira pa malo aakulu pomwe pali mitengo ya mapeyala, lukina m'malire ndi maluwa a mpanda, ndipo akufuna kuikapo mahatchi awiri. Funso lawo ndi lakuti, popeza mbuzi za aneba zimadya pomwepo osadwala, kodi mahatchi angavutike?

Mayi, mbuzi isakupusitseni. Mimba yake ndi ina, ya hatchi ndi ina. Komanso hatchi sisanza, ndiye chimene yameza chimatsika basi.

Tiyambe ndi lukina, poti alimi a mbuzi ndi ng'ombe amamutamanda. Ali ndi poizoni wotchedwa mimosine, ndipo hatchi ikamamudya kawirikawiri ubweya wa kumchira ndi wa pakhosi umayamba kusosoka. Mapeyala nawo, masamba, makungwa ndi zipatso zomwe, ali ndi poizoni wotchedwa persin: mutu ndi milomo zimatupa, m'mimba mumapota. Sindikuti mudule mitengo yanu, mapeyala ndi ndalama. Ingoitchingirani, ndipo ogwa muzitola.

Koma chimene chimandiopsa ine ndi oleander, duwa lija la masamba aatali, opyapyala ndi olimba, lamaluwa apinki kapena oyera, lomwe mumaliona m'mipanda ya ku Namiwawa ndi Sunnyside. Poizoni wake amagwira mtima, masamba ochepa chabe atha kupha hatchi yaikulu, ndipo ngakhale auma mphamvu yake siitha. Hatchi yokhuta kawirikawiri siliyandikira likadali pamtengo chifukwa limawawa. Ngozi imabwera ndi wilibala. Wakudimba wasadza mpanda, wasakaniza ndi udzu womwe watchetcha, n'kukakhuthulira mahatchi poganiza kuti akuwachitira zabwino. Duwa ili ndiye lizuleni ndithu, ndipo musalitenthe pafupi ndi khola, utsi wake nawonso ndi woipa. Muuzeni wantchito aliyense kuti zosadza za m'dimba siziloledwa kukhola, ngakhale zioneke zobiriwira bwanji.

Nsatsi zomera pa dzala muzizule zisanabereke, chifukwa njere zake zili ndi poizoni wotchedwa ricin. Lantana amawononga chiwindi, ndipo amakhalabe wobiriwira mu Okutobala msipu wonse utauma. Nthawi imeneyo hatchi yanjala imasiya kusankha, choncho sungani udzu wouma wokwanira mvula ikangosiya. Makoko a chinangwa ndi mapira ophukira pachitsa musawapatse. Madeya a nkhungu, otsika mtengo aja, amatha kuwononga ubongo wa hatchi. Anunkhizeni kaye musanalipire.

Mukaona hatchi ikutuluka thukuta osathamanga, ikuchucha dovu, ikudzandira kapena ikugubuduka n'kumayang'ana pamimba pake, ichotseni pamsipupo, mulande chakudya chotsala, muimbire dokotala wa ziweto nthawi yomweyo. Musaithire mafuta ophikira kapena mkaka kukamwa mokakamiza, zimatha kulowera kumapapo. Thyolani kanthambi ka chomera chomwe mukuchikayikira, muike m'jumbo pamodzi ndi madeya pang'ono, dokotala akafika aone yekha.