Za kuka yagalasi ija mwafunsa

Asisi inu mwafunsa kuti phala la nsima linasefukira pa kuka yanu yagalasi n'kupsererapo ndiye mukufuna kukwecha ndi sitiliwulu, chonde chonde musayerekeze. Sitiliwulu, mchenga, phulusa, zonse zija timakwechera mapoto zimakala galasi ndipo likakalika basi silibwereranso.

Dikirani kaye izizire, makuka ambiri amaonetsa chilembo cha H pomwe pakadali potentha, chikazima ndiye muyambe. Tengani soda yemweyu wophikira therere, musakanize ndi timadzi pang'ono akhale ngati phala, mupake pomwe papsererapo n'kuvundikira ndi kansalu konyowa kofunda mphindi 15 kapena 20. Mukapukuta zambiri zimachoka zokha. Zokakamira muzipale ndi kachitsulo kopalira kaja kokhala ndi lezala, mukagoneke pang'ono osati kukaimika chilili, ndipo muzikankha pang'onopang'ono galasi lili lonyowa. Pomaliza viniga woyera pakansalu, kenako kansalu kouma, idzawala bwinobwino.

Koma shuga ndi nkhani ina. Tiyi wa shuga wambiri, jamu kapena pepala la pulasitiki zikasungunukira pamenepo musadikire kuti izizire ayi, zimitsani n'kupala nthawi yomweyo mosamala manja, chifukwa zikazizirira pompo zimasiya timaenje pagalasi.

Tsono chomwe ine chimandiwawa kwambiri ndi mapoto. Magetsi akazima tonse timathamangira pa mbaula, poto uja amada mwaye kunsi, mwina waikidwanso pansi watola timchenga, ndiye magetsi akangoyaka munthu n'kumunyamula kukamukhazika pagalasi osapukuta. Povundula nsima poto amagwedezeka uku ndi uku, timchenga tija n'kumadya galasi inu osadziwa. Mukhale ndi mapoto a pa makala paokha, a pa kuka paokha, osalala kunsi osati opindika aja amavina akakhala. Povundula gwirani poto zolimba ndi nsalu, pomusuntha muzinyamula osakoka, ndipo mthiko musamaugogode pamlomo pa poto ali pagalasi.

Muonenso kuti yanuyo ndi mtundu uti. Ngati imafiira mukayatsa ndiye poto aliyense wosalala kunsi aphika, ngakhale aluminiyamu amasiya timizere totuwa. Ikamafiira n'kuzima yokha n'kufiiranso si kuti yawonongeka, ndi mmene imagwirira ntchito. Ngati ndi induction, ija yosafiira mukayatsa, ikani maginito kunsi kwa poto, akapanda kumata poto ameneyo sangatenthe. Yofiirayo imasunga kutentha nthawi ndithu, ndiye mpunga kapena ndiwo muzizimitsa zisanapseretu zimalizika zokha, mayunitsi amapulumukako.

Ikadzang'aluka ngakhale kamng'alu kakang'ono, zimitsani pa switch yapakhoma musaphikirepo mpaka aione odziwa zamagetsi, madzi akalowa pamenepo magetsi atha kukugwirani.