Kodi ndikamunene kwa akulu a mpingo?

Mayi wina wa Mvano wa ku Luchenza wanditumizira imelo. Akuti chiyambireni kusala kudya ndi kudzuka m'mbandakucha kukapemphera, maso ake atseguka, moti akuona zolakwa zambiri mumpingo. Chikumuwawa kwambiri ndi mtsikana wa kwaya amene anamuona atavala thalauzi popita kukatchola tiyi. Akufunsa ngati akamunene kwa akulu a mpingo, komanso ngati kuona zoterezi si umboni woti wakula muuzimu.

Amayi, zikomo pondikhulupirira. Koma musapite kaye.

Munayamba mwaloŵako m'munda wa tiyi m'mawa wa m'Januwale? Mitengo imafika m'chiuno, yonyowa ndi mame kapena mvula ya usiku. Wotchola amakankha nthambi ndi ntchafu tsiku lonse, dengu lili kumsana, akuthamangira makilogalamu poti ndiwo amalipidwa. Timitengo timakala miyendo. Ambiri amavala thalauzi mkati, chitenje pamwamba, pulasitiki kutsogolo. Mwanayo akuteteza thupi lake kuti apeze ya ufa.

Ndikudziŵa mukuganiza za Deuteronomo 22:5. Vesilo likuletsa mkazi kuvala za mwamuna ndi mwamuna kuvala za mkazi, koma m'nthaŵi ya Mose onse ankavala mikanjo. Mutu womwewo ukuletsanso chovala chosakaniza ubweya ndi nsalu yabafuta, ndipo sindinamvepo wina ataimitsidwa mgonero pa chimenecho. Tikumbukenso kuti kuno kwathu boma linaletsa akazi kuvala thalauzi ndi lamulo la mu 1973, lomwe linachotsedwa mu 1993. Ambirife tinakulira m'zaka zimenezo, ndiye zina zomwe timayesa za m'Malemba tinaziyamwira kumeneko.

Funso lanu lachiŵiri ndilo landigwira mtima. Pa Luka 18, m'fanizo la Yesu la Mfarisi ndi wamsonkho amene anapita kukapemphera, Mfarisi uja ankasala kudya kaŵiri pa mlungu, ankapereka chakhumi cha zonse, ndipo sananame ngakhale pang'ono. Chinamugwetsa n'chakuti pemphero lake linadzala ndi wamsonkho. Kusala kwanu n'kwabwino, musakusiye. Koma dzifunseni kuti mukagwada m'mbandakucha muja, mumabwera ndi machimo a ndani. Pa Agalatiya 5:22-23 Paulo akutchula zipatso za Mzimu: chikondi, kuleza mtima, chifundo, chifatso ndi zina. Diso lakuthwa pa zovala za anzathu mulibemo.

Inenso ndinagwamo. Ndili dikoni, ndinakatula dzina la bambo wina ku bwalo la akulu chifukwa chojomba kutchalitchi miyezi itatu. Titapita kwawo tinapeza akuchapa zofunda za akazi awo amene anafa ziwalo. Analibe womusiyira wodwalayo. Anatiyalira mphasa, natipempha kuti tipemphere. Mawu anandithera pakhosi, ndipo mpaka lero ndikadutsa pakhomopo mtima umandipweteka. Miyezi itatu ndinkaŵerenga mpando wawo wopanda munthu, osapondako phazi.

Sindikuti mpingo usamadzudzule. Pakakhala chigololo, kuba kapena nkhanza m'banja, tiyenera kulankhula, ndipo Mateyu 18:15 akuti tiyambe ndi kumuona munthuyo pa aŵiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiye Loŵeruka likubwerali, akaŵeruka, mutengereni nthochi kapena kambale ka ufa, mukacheze naye. Mumufunse mmene ntchito ikuyendera ndi amene akumudalira pakhomo. Za thalauzi musazitchule. Mukabwerako mundilemberenso, ndikufuna kumva zomwe mukapeze.