Ochita Lendi Asowa, Nyumba Yanga Ndiitenga Bwanji?

Funso: Anthu amene ankachita lendi m'nyumba yanga adachoka osatsanzika, ali ndi ngongole ya miyezi itatu, ndipo adakhoma chitseko katundu wawo ali momwemo. Kodi ndithyole loko?

Yankho: Bambo, musafulumire kuthyola, chifukwa pangano la lendi silitha pongoti munthu sakuoneka; mwina ali m'chipatala kapena paulendo wadzidzidzi. Ayimbireni foni, funsani abale awo, ndipo muike kalata pachitseko yotchula tsiku loti akhale atayankha, ina musunge ngati umboni. Akapanda kuyankha, pitani kukhoti mukapemphe chilolezo chotenganso nyumba yanu. Polowa mukhale ndi mboni, mulembe ndi kujambula katundu yense, ndipo musamugulitse pofuna kubweza ngongoleyo khoti lisanalamule, chifukwa mlandu ungakutembenukireni.