Zoti Asilamu saseka ma sheikh awo si zoona

Achimwene mwafunsa kuti kodi kwa Asilamu kunakhalapo atolankhani onyogodola akuluakulu achipembedzo kapena ndi zochita azungu basi. Analipo kalekale, komanso olembawo anali Asilamu eni ake.

Mu 1906 ku Tiflis, komwe pano amati Tbilisi, likulu la dziko la Georgia, Jalil Mammadguluzadeh anayambitsa magazini yotchedwa Molla Nasraddin mchilankhulo cha ku Azerbaijan. Dzinalo analitenga mnthano. Nasreddin ndi mkulu wina wokwera bulu, wooneka ngati chitsiru koma wochenjera koopsa, ku Turkey mpaka ku Iran mwana aliyense amamudziwa. Amati tsiku lina anapita kuphwando atavala nsanza palibe anamulonjera, anabwerera kukavala mkanjo wodula, atafikanso anamukhazika kutsogolo nkumuikira nyama, iye kumaviika mkono wa mkanjo mu msuzi nkumati idya mkanjo wanga, ulemuwu ndi wako. Munthu wotere ungamukwiyire bwanji? Ndiye Jalil anabisala kumbuyo kwake.

Magaziniyo inali yodzadza ndi makatuni chifukwa ambiri sankatha kuwerenga, mmodzi amawerenga mokweza pomwera tiyi enawo akuona zithunzi nkumafa ndi phwete. Ankaseka ma mulla (ma sheikh akumeneko) odyera masuku pamutu amphawi, abambo okwatitsa kamtsikana kwa nkhalamba, okaniza ana aakazi sukulu, ngakhale ophunzira odzimva omwe ankayankhula chi Russia nkumanyoza chilankhulo cha amayi awo. Mlakatuli wawo Sabir ndiye anali katakwe, amalemba ngati iyeyo ndi bambo wokana kuti mwana wake aphunzire, kudzitama nazo mpaka owerenga aone okha uchitsiru wake.

Musaganize kuti zinali zamasanje ayi. Ma mulla anaitemberera, Jalil ankaopsezedwa kuti aphedwa. Ku Iran kunali nyuzipepala ina ya nthabwala zoluma, Sur-e Esrafil, mkonzi wake Mirza Jahangir Khan anaphedwa mu 1908 molamula mfumu ya dzikolo, Mohammad Ali Shah.

Mu 1921 Molla Nasraddin inatuluka ku Tabriz, mzinda wa ku Iran, kenako ku Baku, likulu la Azerbaijan, pansi pa boma la Soviet kuyambira 1922 mpaka 1931. Kwa ine apa ndi pomwe inasukuluka, boma la Soviet linkafuna kuti izimenya chipembedzo chenichenicho pomwe boma lomwelo sakanatha kuliseka.