Mankhwala a njoka a mbuzi asalowe m'kamwa mwa mwana

Achimwene, mwafunsa ngati mungamwetse ana albendazole, mankhwala a njoka za m'mimba aja munagulira mbuzi zanu za ku Domboshava, poti dzina ndi lomwelo amalemba kukiliniki ku Mbare. Ayi ndithu, botolo limenelo libwerere kukhola.

Pa dzinapo simunaname. Albendazole ndi wopangidwa mu labotale, anatulukira m'zaka za m'ma 1970 ku kampani ya SmithKline, ndipo anayamba kuthandiza ziweto asanafike kwa anthu. Ivermectin, mankhwala enanso a njoka za m'thupi, nayenso anadzera kukhola komweko. Anayamba kugulitsidwa mu 1981 wa ziweto, wa anthu n'kubwera mu 1987. Ndi uja amagawa kumudzi ku Thyolo polimbana ndi onchocerciasis, matenda oyabwitsa thupi mpaka kupha maso. Satoshi Omura ndi William Campbell analandira naye mphoto ya Nobel mu 2015.

Koma chomwe chili m'botolomo n'china. Albendazole wa anthu ndi piritsi la 400 mg, mwana wopitirira zaka ziwiri amatafuna limodzi basi. Wa ziweto ndi wamadzimadzi ngati mkaka, ndipo muyezo wake amawerengera pa makilo a nyama yobzikula, osati a mwana. Mukayeza ndi supuni ya tiyi, mudziwa bwanji kuti mwapitirira?

Chomwe chimandiopsa kwambiri n'chakuti mankhwala ena a njoka a nkhosa ndi mbuzi amawasakaniza ndi closantel. Ameneyo anthu ena anamwa mosadziwa ndipo maso anafa. Ine ndili ndi timbuzi tinayi, ndipo botolo langa lakhala pashelefu chaka chathunthu, pepala lake linanyowa, tizilembo tating'ono tija sitioneka n'komwe. Kodi lanulo mwaliwerenga mpaka pansi?

N'chifukwa chake a MCAZ, omwe amavomereza mankhwala kuno ku Zimbabwe, amalembetsa a anthu paokha, a ziweto paokha, ngakhale dzina likhale limodzi.

Pitani kufamase kapena kukiliniki ya khonsolo, muwauze zaka za mwana aliyense. Ngati pali wosakwana zaka ziwiri, anesi ndiwo anene muyezo. Alamu athu ngati ali oyembekezera, miyezi itatu yoyambirira asamwe albendazole, ngakhale wa anthu yemweyo.