Funsani za Ndalama: Nyuzi Yokulungira Usipa ndi Masheya Anu

Funso: Akuluakulu, ndinagula usipa ku msika wa Limbe ndipo anandikulungira m'nyuzi ya 2020. Mitu yake inali ya Covid-19 ndi kugwa kwa chuma basi. Ndinakumbuka kuti chaka chimenecho ndinaleka kugula masheya chifukwa cha mitu yomweyo. Kodi ndinachenjera kapena ndinadzimana? *Bambo wa ku Chilomoni*

Yankho: Bambo, nyuzi imeneyo yapeza ntchito yoiyenera. Mutu wa nkhani umakhala tsiku limodzi, pomwe sheya amaisunga zaka.

Tiwerengere limodzi. Airtel Malawi inalowa pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange mu February 2020, sheya imodzi K12.69. FDH Bank inatsatira mu August chaka chomwecho pa K10, mliri uli pakati. Amene anaika K100,000 ku FDH anatenga masheya 10,000; ku Airtel pafupifupi 7,880. Pofika kumapeto kwa 2024 masheya onse awiriwa anali atadutsa K100, osawerengera madividendi, ndiye kuti gawo la phindu limene kampani imagawira eni masheya. Inde, munadzimana. Koma musadzidandaule kwambiri, chifukwa akatswiri a ku America anapusitsidwapo kuposa inu.

Pa 13 August 1979 magazini ya BusinessWeek inalengeza pachikuto pake imfa ya masheya. Inali maliro enieni: mitengo ya zinthu ikukwera koopsa, anthu akuthawira ku golide ndi malo. Nthawi imeneyo mlozo wa Dow Jones, nambala yoonetsa mmene mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a ku America ikuyendera, unali cha m'ma 875. Mtembowo unagona zaka zitatu, mpaka unatsikako kufika 777 mu August 1982, kenaka unadzuka. Mu March 1999 Dow inadutsa 10,000, kuposa ka 11 pa tsiku la mwambo wa maliro lija. Onani kuti olemba aja sananame pa zimene ankaona. Mavuto analipodi. Chimene anaiwala n'chakuti pamene aliyense wamva za vuto, mtengo wa sheya watsika kale, ndipo wogula pa tsikulo akugula motchipa.

Pa 19 October 1987 Dow inagwa ndi 22.6 peresenti tsiku limodzi, kugwa kumene sikunachitikenso mpaka lero. Nyuzi zinalemba ngati dziko latha. Chaka cha 1987 chinatha mlozowo uli pamwamba pang'ono kuposa pomwe unayambira mu January, ndipo pasanathe zaka ziwiri dzenje lonse linali litakwiririka.

Funso: Ndiye kuti ndikangogula masheya n'kugona tulo, ndidzadzuka wolemera? Amuna anga akuti n'chimodzimodzi njuga. *Mayi wa ku Ndirande*

Yankho: Mayi, bambo a kunyumbako alakwitsa, koma inunso musathamange. Mitu yosangalatsa imanamanso ngati yoopseza, ndipo imeneyi ndiyo imadya ndalama zambiri. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mu October 1929 Irving Fisher, mphunzitsi wa zachuma pa yunivesite ya Yale ku America, ananena kuti mitengo ya masheya yafika pamwamba pomwe ikhazikike mpaka kalekale. Patangopita masiku ochepa msika unagumuka. Dow, imene inali pa 381 mu September 1929, inafika pa 41 mu July 1932, kutaya pafupifupi 89 peresenti. Inabwereranso pa 381 mu November 1954. Zaka 25! Mwana wobadwa tsiku limene Fisher ankayankhula anali atakwatira kale. Ku Japan zinaposa pamenepo: mlozo wa Nikkei unafika 38,915 pa 29 December 1989 ndipo unaudutsanso mu February 2024.

Masamu ake ndi ankhanza. Sheya ikatsika ndi theka, kuchoka pa K100 kufika K50, iyenera kukwera ndi 100 peresenti kuti mungobwerera pomwe munali. Ikatsika ndi 89 peresenti, iyenera kuchulukitsa ka 9.

Kusiyana kwake ndi njuga kuli apa. Pa njuga, ndalama imene wina wapata yachoka m'thumba la mnzake. Pa sheya mumakhala mwini kachigawo ka kampani yogulitsa shuga, mayunitsi kapena ngongole, ndipo phindu lake limachokera kwa makasitomala. Ndiye funso si lakuti nyuzi yalemba chiyani lero, koma kampaniyo ikupanga phindu lanji pa sheya imodzi, ndipo inu mukulipira zingati kuti mupeze phindulo. Gawani mtengo wa sheya ndi phindu la pa sheya la chaka. Sheya ya K120 ya kampani yopeza K10 pa sheya ikupatsani nambala 12. Kutanthauza kuti mukulipira phindu la zaka 12. Nambala imeneyi ikafika pa 40 kapena 50, aliyense m'minibasi ya ku Chirimba akukamba za masheya, pamenepo ndi pofunika kudekha.

Zimene zimawononga anthu pano n'zodziwika. Kuika ndalama zonse m'kampani imodzi. Kugula ndi ndalama ya fizi kapena ya katapila, kenaka n'kukakamizika kugulitsa mtengo utatsika. Kudya madividendi onse m'malo mogulira masheya ena, pomwe mbali yaikulu ya phindu la zaka zambiri imachokera pa kubwezera kumeneku. Ndiponso msika wathu ndi waung'ono, makampani ake safika 20. Pali masheya ena amene mungafune kugulitsa n'kudikira wogula masiku angapo. Ndalama imene muifune pasanathe zaka zisanu isapite kumeneko.

Funso: Masheya anga akwera kawiri m'zaka zitatu. Ndiphe nkhuku? *Mnyamata wa ku Zingwangwa*

Yankho: Achimwene, yambani mwafunsa mtengo wa nkhukuyo. Ngati nayonso yakwera kawiri, simunapindule kanthu. Mwangosunga zomwe munali nazo.

Mitu ya kugwa kwa kwacha ndiyo yokhayo imene sitiiseka. Mu May 2012 dola inachoka pa K168 kufika K250. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka cha pa K1,180 kufika K1,700. Tibwerere ku sheya ya FDH ya K10 ija ya 2020, pomwe dola inali cha m'ma K750. Itafika K100 mu 2024, dola ili cha pa K1,750 ku banki, mu kwacha yachulukitsa ka 10, koma mu dola ndi kanayi ndi pang'ono. Ndi phindu labwinobe, kungoti si lija la pa mutu wa nkhani.

Njira yachidule ndi iyi: gawani 72 ndi peresenti ya kukwera kwa mitengo pa chaka. Mitengo ikamakwera ndi 30 peresenti, monga zinalili mu 2024, ndalama imataya theka la mphamvu yake m'zaka ziwiri ndi theka. Kukwera kawiri m'zaka zitatu ndi pafupifupi 26 peresenti pa chaka, ndiye ngati mitengo inkakwera ndi 30 peresenti chaka chilichonse inu mwatsalirako pang'ono, pokhapokha madividendi akukokereni.

Chitani chonchi. Pemphani sitetimenti ya akaunti yanu ya CSD, momwe mumasungidwa masheya anu, kwa buloka wanu, amene amakugulirani ndi kukugulitsirani masheya. Lembani tsiku ndi mtengo umene munagulira, kuphatikizapo komishoni. Wonjezerani madividendi amene analowadi ku banki, msonkho utachotsedwa kale. Pambali pake lembani mtengo wa thumba la chimanga la makilogalamu 50, kapena la simenti, pa tsiku logula ndi lero, muone matumba angati ndalamayo inkagula ndi angati ikugula tsopano. Matumba akachuluka, nkhukuyo iphedwe. Akachepa, ku Limbe usipa ulipo, ndi nyuzi yake yomwe.